Mkulu wa pa Thumba

Ndinachiona koyamba ndili mu ofesi ya aphunzitsi, pasukulu ina kufupi ndi Nselema komwe ndinkaphunzitsa sitandade sikisi. Inali nthawi yopuma, ndikudya chinangwa chophika. Aphunzitsi a m'zoni yathu tinali ndi gulu la pafoni lomwe analitsegula kuti tizidziwitsana za misonkhano ndi mayeso, koma chaka chimenecho chisankho chinali pafupi ndipo munkangodzaza ndale.

Chinali chithunzi cha mkulu wina atakhala pa thumba lopinda m'mbali mwa msewu, atawerama, dzanja lili patsaya. Pansi pake panalembedwa kuti gogo uyu watha masiku anayi osalawa kanthu, boma lili kuti. Ndinatsala pang'ono kupitirira. Chinandiimitsa ndi chipewa. Kenaka jekete, lija ndinagula ndine pa kaunjika ku Balaka. Anali ababa.

Ndinamaliza chinangwa changa, n'kusamba m'manja. Belu litalira ndinakaphunzitsa masamu mpaka kuweruka. Sindikudziwa chifukwa chake sindinaimbe foni nthawi yomweyo.

Kwathu ndi ku Phalula, mudzi wosatalikira ndi msewu waukulu. Ababa anali mlimi wa chimanga ndi nandolo, ankawetanso nkhumba. Kutchalitchi anali mkulu wa mphakati wathu kwa zaka zambiri. Chimene ankanyadira pamoyo wawo chinali chimodzi: chikwatirireni amayi, pakhomo pawo sipanalowepo chimanga chogula, ngakhale m'zaka zimene mvula inadula msanga.

Madzulo ndinaimbira amayi.

"Ababa ali bwanji?"

"Ali bwino. Dzino lija anakachotsa Lachiwiri lapitali. Tsaya laphwa."

"Anapita bwanji?"

"Pa minibasi, nanga akanapita bwanji? Anadikira nthawi yaitali pamsewu. Anatenganso thumba kuti pobwera agule madeya a nkhumba. Bwanji kodi?"

Ndinati palibe. Nkhani yonse inali yomweyo. Munthu dzino likumupweteka anakhala pansi kudikira galimoto, ndipo wina wodutsa, mwina ali pawindo la basi, anakweza foni.

Sabata isanathe chithunzicho chinali paliponse. Achimwene anga omwe amagwira ntchito ku Liwonde anachilandira m'magulu atatu tsiku limodzi. Anthu anayamba kuwatchula ababa kuti Mkulu wa pa Thumba. Ena analemba kuti ndi a ku Nsanje, ena a ku Dedza, wina anati akuwadziwa bwino, ana awo onse anamwalira. Ndinawerenga zoti ine ndinamwalira ndili pamzere wa pachigayo.

Pa tsamba lina lalikulu, pomwe anthu ankakanganirana pansi pa chithunzicho, ndinalemba ndemanga. Ndinaikonza kangapo kuti ikhale yaulemu. Ndinati mkuluyu ndi bambo anga, sali ndi njala, anali kupita kuchipatala ndi dzino, chonde chotsani chithunzichi. Mayankho anabwera msanga. Wina anati ndadya chibanzi cha olamula. Wina anati ngati ndine mwana wawodi ndichite manyazi, ndili ndi ya bandulo koma ya ufa ndilibe. Mayi wina anandilembera pemphero lalitali. Ambiri anangoika tinkhope toseka. Ndinawerenga onse, mmodzimmodzi, monga ndimachitira pochonga makope, mpaka bandulo inatha.

Loweruka ndinakwera ulendo wa kwathu. Ndinapeza ababa akukonza khola. Foni yawo inali kaja ka mabatani, kongoimbira ndi kuunikira, choncho anali asanaone kanthu, ngakhale anali atamva kuti pamsika anthu akuwanena. Tinakhala pakhonde, ndinawapatsa foni yanga. Anaitalikitsa kumaso n'kuyang'ana nthawi yaitali.

"Ndakalamba chonchi?"

Kenaka analoza pansi pa chithunzicho.

"Apa alemba chiyani? Zilembozi zachepa."

Ndinawawerengera. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza.

"Masiku anayi," anatero. "Aona anthu angati?"

"Ambiri, ababa."

"A ku Ntcheu aona?" Kumeneko n'komwe kunali abale awo.

"Mwina aona."

"Ndiye ufufute."

"Ndikafufuta muno chitsala mwa ena. Chili m'mafoni a dziko lonse."

"Iyayi, koma pali mwini wake. Wosunga zinthu zimenezi amakhala kuti? Ku Blantyre? Tipite tikakhale naye pansi, ndikamufotokozere."

Ndinawauza kuti palibe munthu woteroyo, palibe ofesi yoti tingagogode. Anandiyang'ana ngati ndikuwabisira kanthu. Kenaka anandibwezera foni nabwerera ku khola. Ndinamva akukhoma msomali umodzi kwa nthawi yaitali.

Za alendo ndinamva kwa amayi, chifukwa tsiku limene anabwera ine ndinali kusukulu. Winawake pamsika anawalozera nyumba. Inafika galimoto yonyamula bambo wina amene ankafuna mpando wa phungu kumbali yotsutsa, ndi anthu ake anayi, onse mafoni m'manja. Ababa anawalandira monga alandirira mlendo aliyense, anatulutsa mipando, amayi anagwada kupereka moni. Alendowo anatsitsa thumba la chimanga naliika kutsogolo kwa ababa. Mmodzi anafunsa ngati chipewa chija chili pafupi kuti avale.

Ababa anati pali kusamvana. Anadzuka natsegula chipinda chomwe ankasungira matumba awo, nawaitana kuti adzaone. Alendowo anasuzumira mwaulemu, nayamikira, mafoni ali pansi. Atabwerera pamipando, wofuna uphungu uja anati popeza mphatso yafika kale singabwerere, ababa aipereke okha kwa wina wovutika. Ababa sakanatha kumuchititsa manyazi mlendo pakhomo pawo. Anawomba m'manja nati, "Zikomo, Mulungu akudalitseni."

Kanema amene anatuluka mawa lake anali wa mawu okhawo. Thumba, ababa akuwomba m'manja, ndi nyimbo yachisoni pansi pake.

A mbali yolamula anayankha patatha masiku awiri. Iwo sanafike n'komwe pakhomo. Wina anajambula nyumba yathu ali patali, malata ake ndi khola, nalemba kuti nayu wanjala uja, anachita kumulemba ganyu. Anawonjeza kuti mwana wake ndi mphunzitsi, amadya malipiro a boma lomwelo akulinyozalo. Anaika ndi chithunzi changa, chomwe anachitenga pa tsamba langa, ndili pa ukwati wa mnzanga nditavala chilundu.

Lolemba ahedi anandiitana. Anali bambo wofatsa, wotsala pang'ono kupuma pantchito. Anatseka chitseko.

"Amadamu, mukudziwa kuti ife a m'boma sitilowa ndale."

"Sindinalowe."

"Ndikudziwa. Koma andiimbira foni. Ndingokupemphani kuti musalembenso kanthu. Ngakhale choona, musalembe."

Ndinavomera. Sizinandivute, chifukwa ndinalibenso choti ndilembe. Tsiku lomwelo ndinachotsa zithunzi zanga zonse pa tsamba langa. M'gulu la aphunzitsi sindinatuluke, poti uthenga wa mayeso unkadzera momwemo. Anzanga atadziwa kuti mkulu uja ndi bambo anga anakhala chete masiku angapo. Mmodzi anandipepesa kuseri kwa kalasi. Kenaka ndale zinayambiranso, kungoti chithunzi cha ababa ankachidumpha.

Ku Phalula kunalibe wochidumpha. Makondakitala akawaona ankakuwa kuti akwere ulere gogo wa njala. Sankanena mwachipongwe kwenikweni, ena ankaona ngati akuwachitira ulemu. Kumphakati kunali anthu a mbali zonse ziwiri, ena ankati ababa anagulitsa mudzi kwa otsutsa, ena ankafunsa kuti bwanji anadya okha osaitana anzawo. Thumba lija ababa analipereka kwa mayi wina wamasiye tsiku lomwelo, koma izo palibe anazijambula. Itakwana nthawi yosankha atsogoleri a mphakati, ananena kuti atopa, asankhe wina. Jekete lija anapatsa munthu wowathandiza kupalira. Mnzawo wakalekale, Msilamu wogulitsa mbuzi pamsika, ndiye yekha ankabwerabe kudzacheza nawo, ndipo awiriwo ankakamba za mitengo ya ziweto basi.

Chinthu china ndinachiona ndekha. Tsiku lina ndinawaperekeza pamsewu, akupita ku Balaka. Galimoto inachedwa pafupifupi ola lathunthu, dzuwa lili pamutu. Mayi wina wogulitsa tomato anawapatsa kampando. Anakana. Anaima chilili nthawi yonseyo, manja kumbuyo, nkhope atayang'anitsa kumunda osati kumsewu. Amayi anandiuza kuti masiku onse amatero tsopano.

Chisankho chinachitika, mipando inasinthana. Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Koma chaka chotsatira mitengo ya zinthu itakwera, chithunzi chija chinatulukanso, tsopano chikutumizidwa ndi aja ankati n'chabodza, ndipo ochitsutsa anali aja anachiyambitsa. Mawu apansi anangosintha pang'ono. Nditauza ababa anafunsa kuti, "Tsopano ndili mbali iti?" Sanaseke, inenso sindinaseke.

Pambuyo pake ndale zinachitaya, chinasanduka choseketsa. Pachithunzipo anachotsa msewu ndi mitengo, n'kutsala ababa okha ndi dzanja lawo patsaya, kachithunzi kakang'ono kotumizirana pocheza. Timu ikagonja, ababa. Mafuta akasowa, ababa pamzere wa galimoto. Malipiro akachedwa, ababa, pansi atalemba kuti ine pa twente-eyiti. Ana a sukulu omwe sankadziwa chilichonse cha chiyambi chake ankatengera kakhalidwe kameneko m'kalasi ndikawapatsa mayeso ovuta. Ndinkawauza kuti akhale bwino, n'kupitiriza kulemba pabolodi.

Ababa anamwalira patapita zaka zitatu, nthawi yokolola. Anagwa kumunda, a chipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Sindinena kuti chinawapha ndi chithunzi. Matendawo anali nawo kale, mankhwala ankamwa modumphadumpha. Pamaliro panabwera anthu ambiri, a mphakati anaimba bwino. Achimwene anaimirira n'kupempha kuti pasapezeke wojambula, ndipo anthu anamvera. Mawa lake m'gulu lina wina anatumiza kachithunzi kaja podandaula za magetsi. Ndinakaona ndikutsuka mbale za pamaliro. Ndinaika foni pambali n'kupitiriza kutsuka.

Anthu amandifunsa ngati zimandipweteka. Poyamba ndikaona chithunzicho chala chinkaima. Pano chala chimangodutsa, monga chimadutsira pa uthenga wa maliro a munthu wosamudziwa. Nthawi zina ndimazindikira patapita mphindi kuti amene ndadutsa aja ndi ababa.

Chaka chathachi, ndale zitayambanso kutentha, achimwene ananditumizira kanema popanda mawu alionse. Wina anatenga chithunzi chija n'kuchipatsa moyo ndi makina a masiku anowa. Ababa ankachotsa dzanja patsaya, kudzutsa mutu, kuyang'ana wojambula, n'kuyamba kulankhula. Ankauza anthu woti amuvotere. Mawu anali a munthu wina, wachinyamata, Chichewa chake cha m'tauni. Pomaliza ankamwetulira.

Ndinaonera kamodzi ndili pa kabaza, pochokera kumsika wa Nselema. Sindinayankhe achimwene, iwonso sanafunse.

Sindinafune kuti amayi adziwe, koma mdzukulu wa mnansi wawo anali atawauza kale. Nditapita pa tchuthi anadikira kuti ndidye, ndipume, kenaka anati, "Akuti abambo ako akulankhula mufoni."

"Si iwo, amayi. Ndi zopanga."

"Ndikudziwa kuti ndi zopanga. Ndionetse."

Tinakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, pamthunzi, kuti galasi la foni lioneke bwino. Anaonera mpaka kumapeto.

"Mawuwa si awo."

"Eya."

"Ungathe kuwatseka mawuwo?"

Ndinatsitsa mawu onse. Anaigwira okha foni ndi manja awiri. Ababa anadzutsa mutu, kuphethira, milomo ikuyenda popanda phokoso. Kanema akatha amayi ankandipatsa kuti ndiyambitsenso. Kachitatu anaphunzira pogunda, sanandifunenso. Ine ndinkayang'ana nkhuku zikupalasa pa dzala. Sanalire. Anaonera mpaka foni inachenjeza kuti moto watsala pang'ono.

"Kuphethirako ndi kwawo," anatero pondibwezera.

Kenaka anafunsa ngati ndinyamuke ndi nandolo kapena mtedza, poti zonse ziwiri sindingathe kunyamula pa minibasi. Ndinati mtedza. Analowa m'nyumba kukafuna thumba loikamo.