Pulogalamu Yolowa Popanda Odi

Mu ofesi monse amawatcha a Musadinekaye, poti ndiwo mawu awo tsiku lililonse. Ndi mayi a imvi, anayamba ntchito nthawi ya mataipi, ndipo pulogalamu ya pakompyuta yochitira misonkhano, yomangodzisintha yokha, imawanyansa. "Taipi yanga inali ndi ulemu," amatero. "Iyi imalowa popanda odi."

Lolemba lina abwana anakuwa kuti batani loyankhulira lasowa, alendo akudikira pa intaneti. Mayiwo anavala magalasi, n'kupeza kuti abwanawo anadina mtundu woyeserera wa pulogalamuyo.

"Mwaphula zosapsa, bwana."

Mayiwo anabwezeretsa pulogalamu yakale, mawu n'kumveka.

Mwezi wamawa akupuma pantchito. Dzulo anapeza abwana akumata kapepala pakompyuta ya eni akewo: "Musadine kaye." Mayiwo anavula magalasi, n'kumawapukuta osamaliza.