Tsiku Limene Chefe Anabwera Kudzadziona mu Filimu

Ntchito yanga yoyamba yokhala ndi mpando inali yolankhulira anthu a mu filimu. Kuseri kwa msika wa Milange, mukadutsa pamene amagulitsa matayala ndi masipoko a njinga, kunali chisakasa cha nsungwi chokutidwa ndi mapulasitiki akuda kuti dzuwa lisalowe. M'katimo munali kanema, mabenchi, ndi ine. Malo anga anali kumbuyo, pafupi ndi nsalu ya pakhomo, maikolofoni ili m'manja. Sipika imodzi inali m'kati, ina mwini chisakasa anaipachika panja pa mtengo, kuyang'ana kumsika, kuti ogula nyemba azimva kukoma n'kubwera.

Zilankhulo za anthu a mu filimu sindinkazidziwa. Ndinkawerenga nkhope. Munthu akachita tsinya ndiye kuti akufunsa za mbuzi yake, akamwetulira ndiye kuti mbuziyo anadya ndi iyeyo. Ndikulumbira kuti sindinalakwitsepo, chifukwa palibe ndi mmodzi yemwe wa mu filimu amene anatuluka kudzadandaula.

Filimu imene anthu ankaikonda kwambiri inali ya apolisi. Munali wamkulu wina wonenepa, wolandira maenivelopu m'malo odyera, ndi wapolisi wachinyamata wongoyamba kumene ntchito. Wamkuluyo anatsekera munthu wosalakwa, wachinyamatayo akuona. Filimu yonse inali ya wachinyamatayo kulimbana ndi mtima wake, anene kapena asanene. Koma chimbale chathu chinali chokalika. Iye akangofika pakhomo la khoti, dzanja lili pachitseko, chithunzi chinkauma, nkhope yake n'kusanduka timabokosi. Tinachipaka mankhwala otsukira mano, tinachipaka malovu, tinachipukuta ndi mpango wa mayi wina wopemphera kwambiri, osatheka. Choncho mathero ndinkawanena pakamwa. Anthu akagulitsa bwino, wachinyamatayo ankanena zoona, wamkulu n'kumangidwa. Miyezi ya njala ndinkamuombera pamasitepe pomwepo, anthu n'kutuluka akugwedeza mitu kuti ndi mmene dziko liliri.

Wamkulu wonenepayo ndinamupatsa mawu a chefe wathu.

Pa msewu wina wochokera kumidzi panali chingwe chopingasa, ndipo pachingwepo pankakhala wapolisi wamkulu amene tonse tinkangomutchula kuti chefe. Munthuyu sanapemphepo kanthu. Ankangogwira chishalo n'kunena mwachifundo kuti, "Njinga iyi yatopa. Ipume." Ndipo njinga inkapumadi, mpaka mwini wake akumbukire za refresko, kanthu konyowetsa kukhosi. Anagwirapo nkhuku chifukwa inalibe dokumento, mapepala a boma. Inagona m'selo, ndipo m'mawa zinatuluka pa belo ndi nthenga zokha. Amene akutsutsa akafunse, mwini nkhukuyo alipo.

Oonera athu ambiri anali a njinga ndi onyamula katundu kumalire, anthu amene njinga zawo zinapumapo. Mawu angawo anawaloweza ngati katekisimu. Wonenepa uja akaimitsa galimoto, chisakasa chonse chinkanena pamodzi ndi ine.

Kenako zinagwera m'nyumba mwathu. Alamu anga, amuna a achemwali, ankanyamula nyemba pa njinga kuchokera kumidzi kupita nazo kumalire. Anali munthu wofatsa, woti ngakhale galu akamuuwa amapepesa. Tsiku lina njinga yawo inauzidwa kuti ipume pamodzi ndi nyemba, nyembazo za eni ake. Alamu anagwira kaliyala osafuna kusiya. Chefe anakoka, alamu anagwiritsa, chefe anaterereka n'kukhala pansi m'matope. Podzuka pamenepo, mlandu unali utakula: kumenya wapolisi ali pa ntchito. Alamu anatsekeredwa m'selo. Mboni inali imodzi, wapolisi wachinyamata wongochokera ku maphunziro, buluku lake likadali ndi mzere wakuthwa. Iye akananena pamaso pa akuluakulu kuti anamenyadi, alamu akanapita kundende ya kutali, achemwali n'kutsala ndi khanda kumsana.

Dzulo lake la mlandu, m'mawa, achemwali anandipeza ndikusesa m'chisakasa.

"Achimwene, inu mumalankhula tsiku lonse. Kalankhuleni uko."

Ndinapita kupolisi. Anandiuza kuti ndibwere mkucha. Ndinabwerera kuntchito, ndipo masana mwini chisakasa anaika filimu ya apolisi ija, chifukwa ndi imene anthu anapempha.

Itangoyamba, nsalu ya pakhomo inatukuka, ndipo inakhala yotukuka nthawi yaitali kuposa mmene munthu mmodzi amalowera. Benchi ya pafupi nane inalira. Chipewa chinaikidwa pamwamba pa makina a chimbale. Fungo la polishi wa nsapato ndinalidziwa ndisanacheuke.

"Ndamva kuti ndili mu filimu," anatero chefe chapansipansi. "Ndabwera kudzadziona."

Kumbali kwake kunakhala wapolisi wachinyamata uja, mboni ya mlandu wa alamu, manja ali pamawondo. Masiku amenewo chefe sankamusiya yekha, ngakhale popita kukataya madzi. Oonera onse anali atatifulatira, maso ku kanema, mumdima. Amene tinkadziwa za alendowo tinali ine ndi mwini chisakasa, amene anaima pakhomo n'kuyamba kuyendetsa milomo. Pambuyo pake anandiuza kuti ankapempherera magetsi kuti azime. Magetsi amenewo ankazima munthu akangoyetsemula, koma tsiku limenelo anagwira ngati dzuwa.

Wonenepa wa mu filimu anaimitsa galimoto, n'kuweramira pazenera. Ndinakonza kukhosi.

"Moni bambo," ndinatero. "Yendani bwino. Boma limakukondani."

Kenako mawu anachokera kutsogolo: "Womasulira wadwala?"

"Satero ameneyo."

"Waiwala. Dzulo anamwa za ngongole."

Ndipo chisakasa chonse, amuna a makosi olimba, chinandithandiza mwaulemu ndi mawu amodzi: "Njinga iyi yatopa. Ipume!" Anaseka mpaka mapulasitiki anagwedezeka. Wina anawonjeza za matope, akuti boma linakhala pansi popanda mpando.

Dzanja la chefe linatera pa bondo langa. Silinafinye. Linangokhalapo, lolemera ngati thumba la simenti.

"Nena bwinobwino, mwana wanga," anandinong'oneza. "Anthu alipira."

Choncho ndinanena. Ndinalankhula mawu a chefe, ndi kakokedwe kake ka m'mphuno, mwini mawuwo akundipumira m'khutu. Thukuta linatsika kumsana mpaka m'nsapato, moti potuluka tsiku limenelo ndinasiya mapazi onyowa pa dothi louma. Iye ankamvetsera ngati mphunzitsi. Pena anandikonza.

"Ine sindinena 'mwana wanga' kawiri. Kamodzi basi. Kawiri amazolowera."

"Ndamva, chefe."

Tinafika pamalo amene ndinkawanyadira kale. Wonenepa ali m'galimoto ndi wachinyamata wake, wamugwira pakhosi kumbuyo ngati bambo wachikondi. Pamenepa ndinkanena mawu amene ndinawapeka ndekha, ndipo sindikanawadumpha chifukwa mabenchi akutsogolo anali atayamba kale kuwanena.

"Iwe sunaone kanthu. Maso akowo ndi a boma, unapatsidwa pamodzi ndi nsapato. Amaona zimene wamkulu waona."

Chefe anaseka m'mphuno. Anachotsa dzanja pa bondo langa n'kuliika pakhosi pa wachinyamata wake, kumbuyo, chimodzimodzi.

"Wamva? Ngakhale kunja amadziwa."

Kuwala kwa kanema kunkamufika wachinyamatayo theka la nkhope. Mawu anga oseketsa anthu aja anali akukhoma chitseko cha alamu, ndipo wokhoma ndinali ine, pa sipika.

Pakati pa filimu, wonyamula katundu wina anadzuka kuti akataye madzi. Atatukula nsalu, dzuwa linagwera pa mabatani a yunifomu. Munthuyo anaima, anaitsitsa nsaluyo pang'onopang'ono, n'kubwerera kukakhala, madzi ake ali nawo. Anakanda mnzake. Ndinaona chete akuyenda benchi ndi benchi kulowera kutsogolo, misana ikuwongoka umodzi umodzi. Womaliza kumva anali wa nthabwala ya matope uja, amene anali pakati pa kuibwereza. Anaimeza ili theka. Wotuluka panalibe, chifukwa khomo linali limodzi, ndipo miyendo ya chefe inali itatambasuka pamenepo.

Filimu inapitirira, mfuti zikulira, ine ndikulankhula ndekha ngati wansembe m'tchalitchi mopanda anthu. Wachinyamata wa mu filimu anakwera masitepe a khoti. Anaika dzanja pachitseko. Chithunzi chinauma.

Masiku onse pamenepa pankabuka phokoso, aliyense akufuna mathero ake. Tsiku limenelo kunamveka makina okha akukukuta chimbale.

"Chatani?" anafunsa chefe.

"Chinakalika, chefe. Chimathera pomwepa."

"Ndiye anthu amapita kwawo osadziwa?"

"Womasulira amamaliza pakamwa," anatero mwini chisakasa pakhomo. Mpaka lero sindinamukhululukire.

"Maliza."

Mathero onse awiri ndinali nawo. Ndikanati ananena zoona, ndikanakagona pambali pa alamu, ndipo achemwali akanaphika chakudya cha akaidi awiri. Ndikanati anakhala chete, kapena anamuombera, ndiye kuti ndamuphunzitsa wachinyamata wapambaliyo chochita mawa, msika wonse ukumva. Lilime langa, limene silinapumepo chibadwire, linatopa lokha popanda woliuza.

"Chefe," ndinatero, "ine ndimangopeka. Za m'kati mwa ntchito yanu mumadziwa ndinu." Ndipo ndinamupatsa maikolofoni, makamaka kuti ichoke m'manja mwanga.

Anailandira, anaiuzira, anaimenya ndi chala. Atamva mawu ake akubwerera okulirapo, nkhope inamuwala. Ndikukhulupirira kuti munthuyu ntchito imene ankaifuna moyo wake wonse inali yanga. Anaimirira.

"Mvetserani. Mnyamata uyu amachotsa dzanja pachitsekopo. Amabwerera kunyumba. Amadya, amagona. Chaka chamawa amamukweza. Amamanga nyumba ya malata, mkazi amanenepa, ana amapita kusukulu atavala nsapato. Wamkulu wake akapuma ntchito, chingwe chimatsala m'manja mwake. Ndi mmene zimathera. Zina zonse n'za mu filimu."

Chefe anatembenuka, n'kuika maikolofoni kukamwa kwa wachinyamata wake.

"Auze. Si choncho?"

Za sipika ya panja chefe sankazidziwa, kapena anaziiwala. Ine ndinazikumbukira nditamva kupuma kwa wachinyamatayo kukumveka kawiri, m'kati ndi kunja. Anapuma nthawi yaitali. Kumsika, kumene nthawi zonse kumakhala phokoso la mabelu a njinga ndi otsatsa malonda, kunkamveka ngati kwachepa anthu.

"Filimuyi sindinaionepo, chefe," anatero. "Koma bambo a nyemba aja sanakumenyeni. Munaterereka. Ndinalipo. Mawa akandifunsa ndidzanena zomwezo."

Kunja mayi wina anayamba nthungululu, wina n'kumutseka pakamwa.

Chefe anayang'ana maikolofoni, kenako anatsatira waya wake ndi maso mpaka pamene unkatulukira pakati pa nsungwi. Anandibwezera maikolofoniyo mwaulemu. Anatenga chipewa chake pa makina, anachivala, n'kufunsa mwini chisakasa ngati kanemayo ili ndi dokumento. Inalibe. Anaigwira pamwamba, kumene kunali kotentha.

"Yatopa," anatero. "Ipume."

Anasankha amuna awiri pa benchi yakutsogolo kuti ainyamule, mmodzi wa iwo wa nthabwala ya matope uja. Wachinyamatayo anatuluka pambuyo pawo yekha, ndipo anthu anamupatukira ngati wanyamula moto.

M'mawa mwake ananena zomwezo. Ena amati analibe kothawira, popeza msika wonse unali utamva, ndipo akuluakulu nawonso amagula tomato kumsika komweko. Ine sindikudziwa. Ndinangomva kupuma kwake pa sipika, ndipo sikunali kupuma kwa munthu amene zikumuyendera mophweka. Alamu anatuluka masana. Njinga inabwera yopanda nyemba, yopanda belu, tayala lakutsogolo lili la njinga ina.

Sipanapite nthawi, wachinyamatayo anasamutsidwira kudera lakutali, kumene minibasi imafika ikafuna. Achemwali anamukazingira mtedza wodzaza chitini. Alamu ndi amene anamunyamula pa kaliyala, chikwama chili pamiyendo, ndipo njira yake inali yodutsa pachingwe. Ndinawafunsa alamu atabwerako kuti zinayenda bwanji pamenepo.

"Chefe anatiyang'ana," anatero.

"Ndiye?"

"Anatsitsa chingwe."

Chefe anakhalabe pachingwepo zaka zina, akupumitsa njinga za anthu ena. Ine ntchito ya mpando inathera pomwepo, ndinayamba kugulitsa masipoko. Kanema ija ikupumabe.