Dothi la Kwawo kwa Mayi Zulaikha

Ku Kawale, kuseri kwa mzikiti, kunkakhala Che Yakubu, bambo osayankhulayankhula amene anthu ankawadziwira njinga yawo yakuda ndi zikhadabo zosachoka dothi. Ankagwira ntchito ku labotale ina yoyeza nthaka, kunjira ya ku Likuni. Dothi likabwera, iwo ankaliyanika, kutolamo timizu ndi tizigoba, kulisinja m'kamtondo n'kulisefa. Akatero ankaliika pa sikelo, kuliotcha m'ng'anjo, n'kuliikanso pa sikelo. Kupepuka kwake ndiko kunkauza akuluakulu kuchuluka kwa kaboni, ndiye kuti zotsalira za masamba ndi mizu zimene zinawolera m'dothimo.

Akazi awo, Mayi Zulaikha, anafika kuno pothawa nkhondo ya ku Mozambiki. Kwawo kunali m'mbali mwa nyanja yamchere, cha ku Kelimane. Ana Mulungu sanawapatse. Mayiwa ankakonda kunena kuti dothi la ku Lilongwe n'losanunkha kanthu ngati mbale yotsuka, pomwe la kwawo munthu amalimva asanalione. Atadwala anapempha kuti akagone kwawo, ndipo Che Yakubu anavomera. Koma maliro a Msilamu sachedwa. Anamwalira m'mawa, pofika madzulo anali ataikidwa m'katondo wofiira wa mumzinda. Lonjezo lija linatsala likuwadya bambowa mumtima.

M'chilimwe cha 2006 kuntchito kunabwera majumbo a matope akuda ochokera kugombe lomwe lija la ku Kelimane, okumbidwa pansi pa mitengo yomera m'madzi amchere. Che Yakubu atamasula jumbo loyamba, chipinda chonse chinadzaza fungo la mchere ndi mazira owola. Anzawo anathawira panja atagwira mphuno. Che Yakubu anakhala pansi. Fungoli anali asanalimvepo, koma analidziwa.

Anapita kwa mkulu wawo, Bambo Greenwell, kukapempha kadothi kongodzaza dzanja.

"Che Yakubu, mukufuna kudzala mpunga pakhonde?" anaseka Bambo Greenwell.

Atamva chifukwa chake, kuseka kunatha. Anafotokoza kuti dothi lakunja silituluka pageti lili laliwisi, chifukwa lingabweretse matenda a mbewu, ndipo lamulolo si iwo analiika. Koma limene ladutsa m'ng'anjo, limenelo ndi lotaya, angathe kutenga.

Kubisa kachibulumwa m'thumba la jekete sikukanavuta, popeza mlonda sankawasecha. Che Yakubu analingalira zimenezi tsiku lonse akusinja. Komatu chinthu chakuba sangakachiike pamanda a munthu amene ankaswali, osaphonya mapemphero, nthawi zake zonse. Anayanika matope aja, anasefa, anaika m'timbale, anayeza, n'kutseka chitseko cha ng'anjo.

Potulutsa timbale, matope akuda aja anali atasanduka fumbi lofiira, lopepuka. Ananunkhiza. Panalibe kanthu. Anayeza monga mwa nthawi zonse, kenako anakhuthulira fumbilo m'kansalu koyera n'kumanga.

Lachisanu atatuluka mumzikiti anapalasa njinga kupita kumanda. Anazula udzu pamtumbira, anapemphera, n'kumasula kansalu kaja. Fumbi linagwera pa katondo. Atayang'ana, sanathenso kuona pamene lathera la ku Kelimane ndi pamene layambira la ku Lilongwe.

"Amayi, ndabwera nalo la kwanu," anatero chapansipansi. "Koma fungo latsala kuntchito."

Anakhala pamenepo kufikira mthunzi wa mtengo wa kesha unawafika kumapazi.

Majumbo aja anali ambiri, ndipo anatenga miyezi kuti athe. Palibe amene ankafuna kuwamasula, motero Che Yakubu atadzipereka, anzawo anathokoza kwambiri, ena n'kumati mdalayu mphuno zinafa kale. Iwo ankatseka chitseko, n'kumasula jumbo pang'onopang'ono, ali okha m'chipindamo.