Dzanja Lamanja la Adada

Fungo la mafuta ophikira akafunda m'manja limandibwezera ku Liwaladzi, m'nyengo ya mwera ya chaka chimene ndinali mu Sitandade 4. Mphepo inkaomba osapuma, kutithira mchenga m'maso ndi m'madengu, ndipo mabwato ankangokhala kumtunda. Pamathandala oyanikapo usipa panalibe kanthu. Pakhonde pathu pankakhala Adada, atafunda chitenje cha Amama, dzanja lawo lamanja lili gone pamwendo ngati nsomba yovuulidwa dzulo.

Adada anali msodzi, komanso mkulu wa mpingo m'katchalitchi kathu kofolera ndi udzu. Anthu ankawadziwa ndi chinthu chimodzi: sankanama, ngakhale kwa ogula nsomba. Sitiroko inawagwira mvula itangosiya. Kuchipatala cha kuboma anawathandiza mpaka anayambanso kuyenda mokoka mwendo ndi kulankhula pang'onopang'ono, koma dzanja linakana.

Masiku amenewo kunkabwera mlaliki wochokera ku Dwangwa, bambo wamtima wabwino amene mkati mwa sabata ankadula nzimbe. Anatiphunzitsa kuti zozizwitsa sizinathere pa atumwi, kuti wokhulupirira aliyense, ngakhale mwana, anaitanidwa kusanjika manja pa odwala. Anawonjezera kuti matenda ena samva pemphero lokha, amafuna kusala kudya. Akuluakulu anayankha ameni n'kupita kukadya. Ine mawuwo ndinawameza ndi minga yomwe.

M'mawa uliwonse ndisanapite kusukulu ndinkathira timafuta m'kachitsekero ka botolo, n'kugwada pafupi ndi Adada. Dzanja lawo linali lolemera ndi lozizira, lodzaza zipsera za zingwe za ukonde. Ndinkalipaka chala chimodzichimodzi ndikulilamula kuti lidzuke m'dzina la Yesu, ndi mawu aukali amene ndinabera kwa mlaliki uja. Adada ankatsinzina n'kuvomereza pemphero langa ngati lochokera kwa abusa. Sanandisekepo.

Masabata anapita, dzanja lili chigonere. Ndinaganiza kuti chotsekereza ndine, ndipo ndinayamba kusala. Chinangwa changa cham'mawa ndinkapatsa mlongo wanga wamng'ono, amene anaona ngati ndatembenuka mtima ndipo sanafunse zambiri. Chakudya chamasana ndinkati ndadya kwa anzanga. Zinaululika tsiku limene ndinagwa ndi ndowa pamutu pobwera kumjigo. Amama anakalipa, ananyengerera, anandiopseza ndi kamtengo, koma kuuma mutu ndinatengera kwa Adada. Ndinawauza kuti sindidya mpaka dzanja ligwedezeke.

M'mawa mwake ndinagwada monga mwa masiku onse, mutu ukuzungulira. Manja onse a Adada anali m'kati mwa chitenje chifukwa cha kuzizira, zala zokha zakumanja zili panja. Ndili pakati pa pemphero, zala zija zinagwedezeka. Ndinaziona ndi maso angawa. Zinagwedezekanso.

"Waona, Temwa," anatero Adada, osandiyang'ana kumaso. "Pita ukadye tsopano."

Ndinadya mbatata zotsala mumphika ndikulira ndi chisangalalo, kenako ndinathamanga. Ndinauza akumjigo, akusukulu, ngakhale a Jafali osoka maukonde, amene sanali a mpingo wathu. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika mpaka ku Bua, ndipo m'tchalitchi munadzaza anthu amene sitinawaonepo, ena atabwera ndi odwala awo. Mlaliki anaitana Adada kuti akweze dzanja, anthu aone ntchito ya Mulungu.

Adada anapita kutsogolo akukoka mwendo. Ananyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, n'kulisiya. Linagwa ngati chinsanza chonyowa.

"Abale, dzanjali silinachire," anatero mwapang'onopang'ono. "Ndinaligwedeza ndi linzake m'kati mwa nsalu. Mwana wanga anasiya kudya chifukwa cha ine, ndipo ndinachita mantha. Ndinamunamiza, ndipo kudzera mwa iye ndakunamizani nonse."

Mphepo inkaomba m'udzu wa padenga. Mayi wina amene anabereka mwana wopuwala miyendo anatuluka mwakachetechete. Mlaliki anakhala pansi atagwira kumaso, ndipo madzulo ake anabwera kwathu kudzapepesa kwa Amama kuti sanaganizire zoti ana nawonso amamvetsera. Adada anapempha okha kutula ukulu wa mpingo, ngakhale ambiri anawaletsa.

Ine ndinawakwiyira koopsa. Ndinali ndi manyazi, ndipo kusukulu anzanga ankanditcha mneneri. Kwa masiku angapo ndinkadutsa pakhonde osawapatsa moni. Mwera utayamba kuchepa, mabwato akubwerera m'madzi, Adada anandiitana m'mawa wina atanyamula kabotolo kaja.

"Bwera, mwana wanga. Dzanjali lazolowera."

Ndinalipaka mpaka pamene ndinachoka kupita kusekondale. Silinadzukepo mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti Adada anandilanda chozizwitsa changa pamaso pa anthu. Lero ndimapempherabe, ndipo ndikaitanidwa kwa wodwala ndimasanjika manja, chifukwa ndimakhulupirira kuti tinaitanidwadi kutero. Koma ndili ndi ana anga tsopano, ndipo ndikudziwa chimene chinachitika m'kati mwa chitenje chija. Munthu amene sankanama anataya dzina lake kuti ine ndidye mbatata zozizira.