Dzina Lochokera ku Galaja ya Nkhono

Chaka chimene ndinasiya koleji ufa unasowa mu Lusaka, ndipo mpaka lero akatswiri sanafufuze ngati zinthu ziwirizi n'zogwirizana. Ndinkaphunzira kujambula mapulani a nyumba. Nditaona kuti m'dziko lonse palibe amene akumanga ngakhale chimbudzi, ndinabwerera kwathu ku komboni ya George kukatumikira mtundu poima pamzere wa ufa.

Nthawi yomweyo alamu anga, akazi a achimwene, anabereka mwana wamwamuna. Kwathu mwana satuluka m'chikuta wopanda dzina, ndipo woyamba amamutchula ndi agogo ake aamuna. Mchombo unagwa, azimayi anakonzeka, bambo anga dzina osalitchula.

"Dzina nili nalo," anatero, "koma naiwala."

Ali mnyamata anasenzako simenti pa nyumba ina ya m'tauni yoimikamo magalimoto. Ankati inalibe zipupa, msewu wake unkapota ngati nkhono mpaka padenga, zipilala zake zinali ngati bowa. Amene anaijambula, malinga ndi iwo, anali mzungu wandevu wa kumaiko ozizira, yemwe ankakukuta nawo chimanga chootcha atakhala pa njerwa. Dzina la ameneyo ndilo ankafunira mdzukulu.

"Ili kuti nyumba yamene iyo, ba tate?" ndinafunsa.

"Pafupi na njanji."

"Lusaka yonse ili pafupi na njanji."

"Si unaphunzira vamapulani iwe? Tiye."

Alamu anandiitana pakhomo la chipinda. "Ba mulamu, nalema na mdima muno. Mukabwela chabe, ba pasita ndiye bazamupatsa dzina." Bambo anamva. Kulandidwa mdzukulu ndi abusa a tchalitchi cha m'tenti, mnyamata amene ankamuona akuba mango ali mwana, kunali kufa ali moyo. Anavala jekete.

Tinayenda wapansi poti mafuta nawo anali atasowa. M'tauni bambo ankaima pa nyumba iliyonse ya konkire, kugogoda chipupa ndi chala, n'kupukusa mutu. Anagogoda banki. Anagogoda nyumba ya kanema. Ine ndinkayenda kumbuyo nditapinda manja ngati woyang'anira ntchito, kuti apolisi aone kuti pali dongosolo.

Tinaipeza kuseri kwa mashopu, itabisika ndi zikwangwani. Pansi ankagulitsa salaula, zovala za kaunjika. Pakati gulu lina linkapemphera mokuwa pamalo olembedwa manambala a magalimoto. Zipilala zinalidi ngati bowa, ndipo ndiyenera kuvomera kuti nyumbayo inali yokongola: yotuwa, yopanda chokometsera chilichonse, mphepo ikulowa mbali zonse. Bambo anakwera akusisita konkire ngati ng'ombe yawo.

Padenga tinapeza galimoto imodzi yokha, yopanda matayala, itakhala pa miyala. M'kati munali nkhuku. Pambali pake panakhala aphunzitsi anga a kukoleji, atavala tayi.

"Wabwela kupepesa kapena kugula nkhuku?" anandifunsa.

Ndinayankha kuti ndabwera pa kafukufuku. Bambo anafotokoza za mzungu wandevu, aphunzitsi n'kuseka mpaka nkhuku zinadzidzimuka.

"Wandevu uja anali kapitawo chabe, mdala. Olo pensulo sanali kudziwa kusongola. Wamene anajambula iyi nyumba ni mzimayi. Tinali kubweletsa bana ba sukulu kuti baone nchito yake."

Bambo anakhala pa bampala.

"Wamfupi? Wa nsapato za bamuna?"

"Wamene uyo."

"Si anali mkazi wa wandevu? Anali kumunyamulila mapepala."

"Mapepala yanali yake."

Bambo anayang'ana njanji. "Ine ninali kumutuma madzi ya simenti."

"Anali kupita?"

"Anali kupita. Ndowa ziwili."

Aphunzitsi anatchula dzina la mayiyo, lalitali, loyamba mofewa n'kuthera ngati munthu akuyetsemula. Bambo analibwereza njira yonse, potsika nkhono ija, podutsa msika, mpaka pa mpopi wa ku George, kuopa kuti lingawathawenso. Moni wa anthu sanayankhe.

Kunyumba abusa anali atafika kale, atakhala pa mpando wa bambo. Bambo sanavule n'jekete lomwe. Anamunyamula mwana, n'kulitchula dzinalo mokweza.

"Ni la mwamuna ilo?" anafunsa amayi anga, amene amanunkhiza chinyengo ali patali.

"Ni la wamene anajambula," anatero bambo.

Onse anatembenukira kwa ine monga munthu wophunzira pabanjapo. Ndinatsokomola, n'kunena kuti kumaiko ozizira anthu amavala zovala zambiri, kotero nkhani zotere sazitsatira kwenikweni. Alamu sanadikire kuti ndimalize. Anatenga mwana wawo n'kutuluka naye padzuwa.

Lero mnyamatayo ndi kondakitala wa minibasi ya ku Matero, chimunthu cha mapewa ngati chitseko. Amagwiritsa ntchito theka loyamba lokha la dzina lake. Amene amalitchula lonse ndi agogo ake basi, ndipo iye amayankha atagwada.