Misomali ya Amayi Osita Zovala

Amayi a m'chipinda chakumapeto amasita zovala za anthu. Si okongola, sadzola kanthu, ndipo imvi zayamba kale, koma amuna a mumsewu wathu amapititsa okha malaya, n'kuchedwa komweko. Ife akazi timangoseka, amvekere akapezako chiyani kwa nkhalamba?

Iwo amakonda kunena kuti, "Mwamuna akamathamangira akazi, chimene akusaka kwenikweni ndi poti apachikepo malaya ake." Asanasite amayamba anunkhiza kolala ali chitsinzinire, kenako amatchula mwini wake osalakwitsa.

Tsiku lina ndinapita kukatenga zovala za amuna anga. M'chipindamo munali zii, fungo la nsalu yotentha lili guu. Pakhoma panali misomali yondandalika, uliwonse uli ndi malaya ake. Ndinazindikira malaya a amuna a mnzanga, omwe masiku ano akafika pakhomo pawo amangokhala ngati mlendo wodikira basi. Kumapeto kunali msomali watsopano, wonyezimira, wopanda kanthu.

"Nanga uwu ndi wa ndani, amayi?" ndinafunsa.

Sanadzutse n'komwe mutu, simbi ikungoyenda.

"Akhoma okha amuna ako m'mawa uno, mwanangu. Anabwera ndi hamala yawo."