Nyimbo ya aNachisale imene ndinapita nayo ku Lusaka

Ndinaganiza zochoka ku Lilongwe tsiku limene mwini situdiyo ya zithunzi ku Area 1 anang'amba ntchito yanga makasitomala akuona. Ndinali nditajambula amayi osenza njerwa kumene ankamanga maofesi a likulu latsopano. "Esnati, mkazi amajambula maukwati," anatero. "Izizi utimangitsa nazo." Ine mutu wanga ndi wouma chibadwire. Sabata yomweyo ndinakwera basi ya ku Mchinji, m'chikwama muli kamera ndi matepi anayi.

Matepiwo ndinajambula kumudzi kwathu, miyezi imene anatiuza kuti tisamuke chifukwa likulu likuchoka ku Zomba kudzakhala pa minda yathu. Amuna ankapita kumisonkhano n'kubwerako kukamwa kuli gwa. Amene ankalankhula ndi amayi, koma pamtondo, posinja. Nyimbo ina inkafunsa kuti adzalambula ndani manda a ana athu, mabwana akadzamangapo nyumba zawo. Ankatsogolera ndi achemwali anga a Felesiya, a mawu aakulu omveka kutsidya kwa dambo. Ndinawatchera makina ojambulira mawu, iwo n'kumangoseka. Sindinawauze kumene mawuwo adzapite, poti nanenso sindinkadziwa.

Ku Lusaka ndinavutika, ndisaname. Ndinkatsuka mafilimu a eni ake sabata yonse, Lamlungu n'kudzitsekera m'kachipinda kanga ka lendi kumvera matepi aja ndikulira. Kangachepe kamene ndinkapeza ndinkatumiza kwa achemwali kudzera kwa dalaivala wa lole. Makalata a achemwali ankabwera a mizere itatu: tili bwino, mvula yagwa, uzipemphera.

Kenako ndinayamba kuonetsa zithunzi za amayi m'maholo, nyimbo ija ikumveka kumbuyo. Anthu anandiombera m'manja, ananditcha womenyera ufulu wa amayi, ndipo ine ndinadzimva. Wailesi ina ya kumeneko inaulutsa nyimboyo. Mayina sindinatchule, ndinkati ndikuwateteza. Sindinaganize kuti wailesiyo imamveka mpaka kwathu. Makalata anasiya kubwera, ndipo ndinkadzinamiza kuti ndi vuto la positi.

Ndinabwerera zinthu zitasintha m'dziko, imvi zitayamba. Pamene panali mudzi wathu ndinapeza mipanda ya njerwa ndi agalu. Achemwali ndinakawapeza kunja kwa tauni, kumene anawasamutsira. Sanandikumbatire. Anandipatsa mpando, iwo n'kukhala pamphasa.

"Nthawi imene ija ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Area 9," anatero. "Wosamalira maluwa anatsegula wailesi. Abwana anazindikira mawu anga, poti ndinkaimba pochapa. Kunabwera amuna awiri a majekete. Masiku atatu akundifunsa amene anapeka nyimboyo. Tsiku lachitatu ndinatchula aNachisale."

ANachisale anali mnansi wathu, mayi woseketsa amene ankapeka nyimbo zonse za pamtondo. Amuna a majekete aja anawatenga ali ndi mwana wa kubere, ndipo anatuluka m'ndende opanda mwanayo. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

"Timatunga pa mjigo umodzi, koma moni sitipatsana," anatero achemwali. "Kupepesa kwakoko usandipatse ine. Nyumba yawo ndi iyo ya chitseko chobiriwira."

ANachisale ndinawapeza akusankha nyemba. Ndinagwada, ndinanena zonse. Anandimvetsera osasiya nyemba zawo.

"Ndiwe kamtsikana ka makina kaja," anatero. "Uli nayo tepiyo? Ine sindinaimvepo. Ankangondiuza kuti ndinaimba pa wailesi."

Ndinawatsegulira tepi. Misi inayamba kugunda, mawu a mudzi wonse n'kudzaza khonde. ANachisale ankaloza makinawo n'chala. "Uyo ndi Nabanda, anamwalira. Uyo Naphiri, anamwalira. Uyo mkulu wako." Itatha anatembenukira kwa ine.

"Ndiye kumeneko anthu anaikonda?"

"Anaikonda kwambiri, amayi."

"Unawauza kuti anapeka ndani?"

"Ayi, amayi. Ndinkaopa kukuikani m'mavuto."

Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka. "Mavutowo anandipeza ndithu. Nanga pa mapepala oitanira anthu kumaholoko analembapo dzina la yani?"

Ndinayang'ana pansi. "Langa."

"Basi, mwanawe," anatero, akukokera lichero pafupi. "Mkulu wako ananditchula atamenyedwa masiku atatu. Iwe zaka zonsezi akukuombera m'manja, sunanditchule ngakhale kamodzi."